Mwana wolira sakhala yekha

Mayi wina wa ku England, amene anabwera ku Muloza kudzathandiza ana pambuyo pa namondwe wa Freddy mu 2023, anatiuza kuti ana a kuno saphunzitsidwa kunena za mumtima mwawo, amangouzidwa kuti "tonthola". Anatulutsa pepala la mitundu inayi lochokera m'buku la Leah Kuypers wa ku America, la mu 2011: wobiriwira wa mwana wodekha, wachikasu wa amene wayamba kutekeseka, wofiira wa wopsa mtima, wabuluu wa wachisoni kapena wotopa. Kwawoko mwana amaloza mtundu wake, ndipo m'makomo ambiri akavuta amakamukhazika pakona yekha mpaka mtima utsike.

Mawu akewo anandiwawa. Ndikanakonda akanayamba wakhala tsiku lathunthu pamsika wa Limbuli. Kamwana kazaka ziwiri kakadzigwetsa pansi kulirira mandasi, mayi ake amakanyamula, kukasasa fumbi, kukabereka kumbuyo n'kumanga chitenje zolimba. "Wakwiya eti? Ukufuna mandasi? Dikira ndigulitse kaye tomatoyu." Akulankhula choncho thupi likugwedezeka pang'onopang'ono, dzanja likusisita kumsana. Mkwiyo wautchula dzina, chifukwa chake wachinena, kudikira wamuphunzitsa, mandasi sanagule. Mayi akatopa, wogulitsa nanazi pafupi amatambasula manja: "Bwera kuno kwa azakhali." Palibe mphindi imene mwanayo wasiyidwa kuti alimbane ndi mtima wake yekha.

Taonaninso zimene timachita kukabadwa khanda. Tonse timadziwa kuti wamkuluyo achita nsanje, ndipo sitimubisira. Agogo amamutenga kukagona kwawo, n'kumamuseka mwachikondi: "Akulanda bere eti? Usadandaule, iwe ndi wanga." Kukacha amamupatsa ntchito yoingitsa ntchentche pankhope ya mng'ono wake. Nsanje ija imapeza pothera. Ngakhale pamaliro, ana okulirapo amaona amayi awo akulira poyera, anzawo atawagwira mapewa, mpaka kulirako kutatha n'kuyamba kusonkha moto wa nsima.

Freddy atagwetsa miyala ndi matope kuchokera m'phiri la Mulanje n'kukokolola nyumba m'dera la Mfumu Njema, ana ambiri ankanjenjemera mvula ikangoyamba kulira pamalata. Agogo ena oyandikana nafe ankasonkhanitsa adzukulu pamphasa imodzi n'kuwauza kuti, "Mukuopa? Inenso ndikuopa. Tiyeni timvere limodzi, iyi ndi mvula yobzalira." Kenako nthano, mpaka tulo. Ine sindikhulupirira kuti pepala lililonse lingapose mawu a gogo wovomera mantha ake pamaso pa ana.

Pepalalo lingathandize mphunzitsi wa Sitandade 1 amene ana amudzadzira mpaka pakhomo, poti sangabereke onse kumbuyo. Pamene tikuperewera ndi kwina, ndipo mlendoyo sanapaone. Mnyamata akangoyamba sukulu timamuuza kuti mwamuna salira, ndipo wolira timamuopseza ndi jakisoni kapena galu. Anyamata amene anataya makolo m'madzi aja ena mpaka lero sananenepo kanthu, angosanduka andewu. Amalume awo ndiwo ayenera kuwatenga popita kudimba, khasu paphewa, n'kuwafunsa kuti usiku akumalota chiyani.