Zidole zopanga pamanja: zipangizo n'zotola, koma mtengo usakhale wotola

Sukulu zikatsekera mwezi wa Disembala, m'makwalala a ku Ndirande, Kawale ngakhale ku Chibavi mumadzaza magalimoto a mawaya. Anyamata amawapinda okha, matayala n'kukhala zitsekerero za mabotolo, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Atsikana nawo amakhala ali kalikiliki kumanga ana a nsanza oti akabereke kumasanje. Palibe amene amatulutsa khobiri pa zonsezi, n'chifukwa chake amalonda ambiri saganiza n'komwe kuti pamenepa pangatuluke geni.

Geni ilipo, ngakhale si yolemeretsa munthu tsiku limodzi. Zidole zapulasitiki zomwe zimadzaza mabenchi nyengo ya Khirisimasi n'zochokera kunja, zambiri ku China, ndipo ozibweretsa amalipira ndi ndalama zakunja. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu woitanitsa kunja adakwera mtengo, zidole nazo sizidatsale. Kholo lomwe kale linkangotola kagalimoto kapulasitiki osafunsa mtengo, lero limayamba lakatembenuza kawiri, podziwa kuti mwina sikafika Chaka Chatsopano matayala asanathothoke. Mpata wa wopanga zidole pamanja uli pamenepo.

Chomwe chimagwetsa anthu ambiri olowa mu mpatawu si kusowa luso. Ndi mtengo. Poona kuti nsalu adatola kwa telala ndipo zitsekerero adatola kuseri kwa golosale, amati chidolecho sichidawadyere kanthu, ndiye ndalama iliyonse yomwe kasitomala wanena amalandira. Pakutha pa mwezi manja ali ndi matuza, m'thumba muli mbee.

Funso la mtengo lisanafike, pali lina loyamba: wogula ndani? Mwana sagula. Komanso chomwe mwana angathe kupanga yekha kuseri kwa nyumba, kholo lake silingachilipire. Mpira wachikulunga ndi chitsanzo chabwino. Ana amaukulunga okha ndi majumbo ndi zingwe, ndipo wamalonda woti auike pabenchi angoseketsa anzake. N'chimodzimodzi ng'ombe zadongo zosaotcha. Ogula enieni ndi makolo apantchito a m'tauni omwe ana awo amakulira m'mipanda, eni sukulu zamkaka, komanso alendo odzacheza m'dziko muno.

Pa magulu amenewa, lomwe amalonda amaliiwala kwambiri ndi la sukulu. Sukulu zamkaka zadzaza m'matauni, zamkombaphala zili m'midzi yambiri, ndipo zonse zimasowa zoseweretsa ndi zophunzitsira. Aphunzitsi a m'dziko muno amaphunzitsidwa kukoleji njira yotchedwa TALULAR, yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo, koma si aliyense ali ndi nthawi yokhala pansi n'kumadula makatoni usiku. Wamalonda wopita kwa mwini sukulu atanyamula makadi a zilembo ndi manambala odulidwa bwino pa katoni yolimba, timatabwa tomangira tinyumba, mipira yansalu ndi timatumba ta nyemba toponyerana, amagulitsa zambiri kamodzi. Kuteroko kumaposa kudikira pamsika kuti wina agule chimodzi atanenerera mpaka kutopetsa.

Alendo nawo ali ndi chomwe amachifuna. M'chaka cha 1990, mlembi wa ku America, Karen Lynn Williams, adatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za kamnyamata ka kuno ku Malawi komwe kamayendayenda kufunafuna mawaya opangira galimoto yake. Bukuli lidafala m'sukulu za kumeneko, moti pali alendo omwe amafika ku Salima kapena ku Cape Maclear akulidziwa kale dzina loti galimoto. Kwa iwo galimoto ya waya ndi chikumbutso choika pashelefu, ndipo amalipira mtengo womwe kholo la ku Mbayani silingalipire. Koma msika umenewu uli kunyanja ndi pa malo ogulitsira ziboliboli, osati pa benchi ya tomato, ndipo umatentha miyezi yopanda mvula. Wopanga yemwe amakhala kutali ndi malowa ndi bwino apikulitse kwa ogulitsa ziboliboli m'malo mowononga ndalama ya minibasi.

Kapangidwe ka zinthuzi si kovuta. Chidole chansalu chimayamba ndi chithunzi cha thupi lake chodulidwa pa katoni, chomwe chimasungidwa kuti zidole zonse zizituluka zofanana. Wopanga amachigoneka pa nsalu ziwiri zoyang'anizana, n'kulemba m'mbali, kudula, kusoka kusiya kampata, kutembenuza, kenaka kupakira mkati tizidutswa tansalu tochapa ndi kuuma bwino, kapena thonje. Kadiresi kachitenje ndi kaduku ndi zomwe zimakopa maso. Mpira wansalu wa ana aang'ono umasokedwa ndi zidutswa zisanu ndi chimodzi zooneka ngati masamba a mango, zamitundu yosiyana. Timatabwa tomangira timachokera ku zotsala za kalipentala, ntchito yake n'kungotidula molingana ndi kutikwecha ndi sandipepa mpaka kusalala. Galimoto ya waya ndiyo imafuna dzanja lozolowera: pulayazi, waya wokhuthala wa thupi la galimoto, wopyapyala womangira m'mfundo, ndi malegeni a chubu chakutha okulunga matayala.

Tsopano mtengo. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke, aliyense aikepo mitengo ya pamsika wakwawo. Mayi wogulitsa masamba amene amapeza phindu la K8,000 pa tsiku la maola 8, ndiye kuti ola lake limodzi ndi K1,000. Akasiya masambawo n'kukhala maola anayi akupanga galimoto ya waya imodzi, wataya K4,000 ya nthawi. Waya wa K1,500 ndi zina za K300 zikawonjezedwa, galimotoyo yamudyera K5,800. Akaigulitsa K4,000 amapita kunyumba akusangalala kuti wapindula K2,200, pomwe zoona zake n'zakuti akadapeza zambiri akadangokhala pa masamba ake.

Maola anayi omwewo, pa makina osokera, angatulutse mipira yansalu isanu ndi itatu ngati umodzi ukutenga mphindi 30. Ulusi ndi zopakira mkati zikhale K400 pa mpira, yonse pamodzi K3,200. Mpira uliwonse ukagulidwa K1,500, ndalama yonse ndi K12,000, ndipo kuchotsa zipangizo patsala K8,800. Nthawi yofanana, munthu yemweyo, koma kwina K2,200, kwina K8,800. Chinthu chokongola kwambiri si ndicho chopindulitsa kwambiri, ndipo galimoto ya waya imayenera kupita kokha komwe wogula angalipire maola ake onse.

Masamuwa ali ndi pothera pake. Mipira isanu ndi itatuyo ndi ndalama pokhapokha yonse itagulidwa, apo ayi ndi nsanza zokhala m'thumba. Komanso si ola lililonse lili ndi mtengo wofanana. Aliyense wokhala pamsika amadziwa nthawi ya masana pomwe msika umazizira, makasitomala osaoneka, anthu n'kumangosinza pabenchi kapena kusewera bawo. Chidole chosokedwa pamanja nthawi imeneyo sichilanda malonda ena, choncho mtengo wa nthawi yake ungatsikeko. Chosayenera ndi kuiwerengera ziro. Pamwamba pake payenera kulowa chiphaso cha msika, mayendedwe, ndi kagawo ka zomwe zidzaonongeke kapena kutsala.

Zipangizo zotolazo nazo sizikhala zaulere mpaka kale. Telala amapereka zidutswa mokondwa malinga akuziona ngati zinyalala. Tsiku lomwe adzaone zidole za nsalu zake zikugulidwa, thumba lija lidzakhala ndi mtengo, ndipo palibe angamunene, poti opanga zopondera pakhomo nawo amazifuna. Wanzeru amagwirizana naye mtengo wa thumba kuyambira pachiyambi n'kuulowetsa m'masamu ake, kusiyana n'kudzakweza mtengo wa chidole makasitomala atazolowera kale wotsika. Pa waya ndiye pofunika kusamala kwambiri. Waya wotchipa wobwera ndi munthu wosadziwika, makamaka wakopa, angakhale wobedwa pa mapolo a ESCOM kapena a matelefoni, ndipo wopezeka nawo amayankha mlandu ngakhale sadakwere polo ndi iye. Wa kuhadiweya ndi wokwererapo, koma uli ndi lisiti.

Pali mpikisano wina womwe suyenera kuiwalika, wa zidole zakaunjika. Zimbalangondo zaubweya zotuluka m'mabelo nthawi zina zimatchipa kuposa chidole chosokedwa kuno. Kulimbana nazo potsitsa mtengo n'kudzipha. Chomwe belo silingatulutse ndi chidole chovala chitenje chofanana ndi cha mayi wa mwanayo, kapena chosokedwa dzina la mwana pachifuwa, kapena makadi a mawu a Chichewa ndi Chitumbuka. Zoterezi kasitomala amachita kuitanitsa, ndipo munthu woitanitsa sanenerera kwambiri.

Nkhani ya chitetezo cha mwana si yongokometsera. Chidole chimodzi chikavulaza mwana, mbiri imayenda msika wonse dzuwa lisanalowe, ndipo sukulu yomwe idagula siidzabweranso. Mwana wosakwana zaka zitatu amaika chilichonse m'kamwa, choncho maso a chidole chake asakhale mabatani kapena mikanda, asokedwe ndi ulusi. Zitsekerero zowerengera ndi za ana okulirapo, ndipo timatumba ta nyemba tisokedwe kawiri kuti tisaphulike. Zingwe zazitali pa chidole cha khanda zingamukole m'khosi. Nsonga iliyonse ya waya ipindidwire mkati n'kukulungidwa ndi malegeni, ndipo waya wadzimbiri asagwiritsidwe ntchito. Penti wina wamafuta amakhala ndi chitsulo chapoizoni chotchedwa lead, chomwe chimaononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono, ndiye timatabwa toti mwana angatilume ndi bwino kungotisiya tosapaka. Matabwa onyikidwa m'mankhwala a chiswe ndi mabotolo omwe mudali mankhwala a mbewu asayandikire n'komwe ntchitoyi, ngakhale atatsukidwa chotani.

Popeza ana ndi akatswiri pa zinthuzi, yesero limakhalapo loti wamalonda asonkhanitse ana a m'dera n'kumawapatsa timakobiri kuti azimupindira magalimoto. Apa lamulo lidanena kale. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limati sukulu ya pulayimale ndi yokakamiza. Mwana kuphunzira kusoka pambali pa mayi ake Loweruka masana, kapena kuonetsa bambo ake mapindidwe a chiwongolero, ndi nkhani ina. Kumujombetsa kusukulu kuti oda ithe, kapena kumuyendetsa m'misewu ndi zidole pamutu, ndi kugwiritsa mwana ntchito, ngakhale mwanayo ali wako.

Nyengo ya malondawa ndi yodziwikiratu. Sukulu zimagula chaka cha maphunziro chikamayamba mu Sepitembala, ndiye zitsanzo ziyenera kufika kwa mwini sukulu mu Ogasiti, ndalama ya fizi isanagawidwe kwina. Makolo amagula masabata awiri kapena atatu Khirisimasi isanafike, ndipo m'madera monga Mangochi ndi Machinga nyengo ya Eid nayo imayendetsa zinthu za ana. Januwale ndi Febuluwale ndalama ya banja imathera ku fizi ndi ufa, choncho wotenga ngongole kubanki mkhonde kuti adzaze thumba la zidole miyezi imeneyo adzabweza ndi ndalama ya malonda ena.

Woyamba kumene sayenera kupanga zambiri. Zidole khumi za mitundu itatu, zopachikidwa pambali pa katundu wa masiku onse, zimakwana kusonyeza pa masabata awiri chomwe anthu akuchinyamula n'kufunsa mtengo ndi chomwe akungochidutsa. Oda yaikulu ya sukulu ikabwera, theka la ndalama liyambe laperekedwa, pamanja kapena pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo chiwerengero, mtengo ndi tsiku lokapereka zilembedwe pa pepala lomwe onse awiri asayina. Makadi olembedwa dzina la sukulu imodzi, mwini wake akasintha maganizo, sangagulitsidwenso kwina.