Maso a opita mumlengalenga ali ndi phunziro kwa ife

Mukawerama nthawi yaitali, kaya mukupalira kapena mukuchapa, mumamva magazi akuthamangira kumutu ndipo nkhope imalemera. Mukaweramuka zimatha. Tsono taganizani zitakhala choncho kwa miyezi 6 osapumira.

Zotere zimawachitikira anthu amene amakakhala pa International Space Station, malo ochitira kafukufuku omwe amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400. Pansi pano, mphamvu yokokera zinthu pansi imatsitsira magazi ndi madzi a m'thupi kumiyendo. Kumwambako mphamvuyi simveka, motero madziwo amakwera kumutu. Nkhope imatupa, miyendo n'kuwonda.

Mu 2005, John Phillips wa ku America anapita kumeneko akuona bwinobwino, koma anabwerako akuona mwachimbuuzi. Madokotala anapeza kuti kumbuyo kwa maso ake kunali kutaphwatalala ndipo mitsempha yolumikiza maso ndi ubongo inali itatupa. Pakafukufuku amene anatuluka mu 2011, anthu pafupifupi 300 omwe anapitako mumlengalenga anafunsidwa za maso awo. Mwa anthu 10 aliwonse amene anakhalitsako, 6 anati maso awo anafooka. Ambiri amavutika kuwerenga zapafupi, n'chifukwa chake bungwe la NASA limawakonzeratu magalasi. Vutoli amalitcha SANS.

Ena akabwera maso amabwerera mwakale, ena ayi. Apa ndi pomwe pagona nkhawa, chifukwa ulendo wa ku Mars womwe akuukonzekera udzatenga zaka, ndipo panjira palibe chipatala. Pakali pano amajambula mkati mwa maso a anthuwa ali komweko. Ayeseranso thalauza la ku Russia lotchedwa Chibis, lomwe limakokera madzi a m'thupi kumiyendo.

Nanga inu kholo zikukukhudzani bwanji? Diso ndi zenera la ubongo. Madzi akapanikiza m'mutu, mtsempha wa kumbuyo kwa diso umatupa, ndipo dokotala amatha kuuona ndi kachipangizo kounikira. Kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala anaonetsa kuti kuunika mkati mwa diso la mwana wokomoka kumathandiza kudziwa ngati amukomola ndi malungo a muubongo. Mu 2015 kafukufuku wa komweko anapezanso kuti kutupa kwa ubongo ndi kumene kumapha ambiri mwa ana oterewa.

Choncho musapeputse mwana akamadandaula mutu wosatha, akamasanza m'mawa, akamaona zinthu ziwiriziwiri kapena mwachimbuuzi. Chimodzimodzi khanda likamakula mutu mofulumira kapena liwombo likatukuka. Musamudonthezere zitsamba kapena mkaka wa m'mawere m'maso. Thamangani naye kuchipatala, ndipo akakomoka kapena kugwidwa linjirinjiri musadikire kuti kuche.

Inu mavolontiya a zaumoyo, mukamayendera mabanja funsaninso momwe mwana akuonera. Mtsempha wa diso ukafa sutsitsimukanso, koma vuto likadziwika msanga maso angathe kupulumuka.