Malamulo a ku France ndi Msodzi wa ku Kachulu

Munthu akaimirira pa doko la Kachulu, m'boma la Zomba, nayang'ana kum'mawa kupyola chilumba cha Chisi, ayang'ana kumene kuli malire a Mozambique. Madzi a Chilwa ndi amodzi, matemba ndi omwewo, koma malamulo a tsidya lino ndi a tsidya lija sanachokere kumodzi.

Anyamata ndi asungwana ophunzira za malamulo pa Yunivesite ya Malawi, ku Chirunga, amaleredwa m'njira ya Angerezi, imene inakhazikitsidwa m'dziko muno mu 1902. M'njira imeneyi woweruza atsata zimene anzake akale anagamula pa mlandu wonga womwewo, monga achitira akuluakulu pa bwalo la mfumu. Afalansa satero ayi. Mu 1804, m'masiku a Napoleon, iwo anasonkhanitsa malamulo a ukwati, a chuma ndi a mapangano m'buku limodzi, ndipo woweruza wawo ayamba watsegula bukulo. Apwitikizi analemba buku lawo lotere mu 1867, napita nawo mwambowu ku Mozambique. Tsono wamalonda a nsomba amene wakongoza mnzake wa tsidya lija asowa loya wozindikira njira zonse ziwiri.

Koma phunziro loposa lili pa malamulo aakulu oyendetsera dziko. A ku France analembedwa mu 1958, pamene General de Gaulle anabwerera pa udindo, ndipo anakhazikitsa bungwe loyesa malamulo a Nyumba ya Malamulo. Mu 1971 bungwelo linakana lamulo lopsinja ufulu wa anthu woyambitsa mabungwe awo. Kuno malamulo aakulu a 1994 anenetsa m'gawo 5 kuti lamulo lililonse lotsutsana nawo lilibe mphamvu, ndipo pa 3 February 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019.

Ena ayesa kuti izi nza mu mzinda zokha. Si tero. Boma lichita bwino potseka nyanja kuti nsomba ziswane, pakuti Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, anthu nasauka. Komabe msodzi amene alandidwa khoka lake ali ndi gawo 43 kumbuyo kwake: wa Boma ayenera kumchitira mwachilungamo, ndi kumpatsa zifukwa zolembedwa pa pepala.