Tizilombo Tomwe Timadzuka Tikawalitsidwa ndi UV

Tsiku lina ndinaima pamalo ogulitsira madzi oyeretsedwa, maso ali pa paipi yonyezimira momwe munali nyale ya UV. Madzi ankadutsamo mwakachetechete, opanda fungo la klorini. Mnyamata wogulitsayo anandiuza monyadira kuti tizilombo tonse tafa. Ndinamumvetsa, koma nkhaniyi siithera pamenepo.

Kuwala kwa UV-C, kumene nyale zambiri zimatulutsa pa mananomita 254, sikuphwanya kachilombo ayi. Kumawononga DNA yake pomata tizigawo tiwiri ta thymine toyandikana, motero kachilomboko kamalephera kuswana. Ubwino wake ngwaukulu ndithu: kumagonjetsa ngakhale kachilombo kotchedwa Cryptosporidium, komwe klorini amakalephera.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti mabakiteriya ambiri, monga E. coli, amatha kudzichiritsa. Ali ndi enzayimu yotchedwa photolyase, imene ikalandira kuwala kwa dzuwa kapena kwa babu imamasula zomatanazo. Wasayansi wina, Albert Kelner, anazindikira zimenezi mu 1949. Mabakiteriya ena amadzikonza ngakhale mumdima, pang'onopang'ono. Nyale ikakalamba, galasi lake likada, kapena madzi akakhala amatope moti tizilombo tikubisala kuseri kwa tizinyalala, kuwala kumachepa mphamvu ndipo kudzukaku sikuvuta.

Komanso UV sasiya chilichonse m'madzi choti chiwateteze pambuyo pake. Choncho ndikupemphani, sefani madzi musanawawalitse, asungeni m'chigubu chotsekedwa pamalo amdima, musaviikemo chikho, ndipo ngati agona masiku, thiranimo klorini pamlingo woyenera.