Mphemvu za ku Perth sizimva kupopera

M'madera ambiri a mzinda wa Perth, ku Western Australia, khonsolo imapereka masiku oti anthu atulutse katundu amene atopa naye n'kumuunjika pa kapinga wa m'mbali mwa msewu, galimoto idzatole. Pamakhala masofa, makabati, matebulo, maketulo ndi ma microwave, zina zogwirabe ntchito bwinobwino. Kwa Mmalawi kapena Mzambia amene wangofika ndi masutikesi awiri, kudzaphunzira pa yunivesite ya Curtin kapena ya Edith Cowan, kapenanso kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, umenewu ndi mwayi wosafunika kuuganizira kawiri. Akawonjezera firiji yotchipa ya pa Facebook Marketplace ndi makatoni opempha kusitolo, nyumba yadzaza.

Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, munthu uja amadzuka usiku kukamwa madzi. Kungoyatsa getsi kukhitchini, tizilombo tofiirira tili balala pa sinki, tina kulowa kunsi kwa ketulo, tina kuseri kwa firiji. Kutacha amathamangira ku Bunnings kapena ku Coles kukagula chitini chopopera, monga ankachitira ndi Doom ali ku Ndirande kapena ku Matero. Amapopera mpaka kutsokomola, n'kusesa mitembo. Sabata isanathe, zabwereranso.

Si zonse zofanana

Akatswiri a tizilombo amayamba ndi funso limene ambiri a ife sitifunsa: ndi mphemvu yamtundu wanji? Pa dziko lonse pali mitundu yoposa 4,000, ndipo Australia yokha ili ndi mitundu yake mazana angapo imene imakhala kutchire, kudya masamba owola, osasowetsa munthu mtendere. Ku Queensland kuli ina yokumba pansi imene imalemera mpaka magalamu 30, ndipo ena amaiweta m'nyumba mwa kufuna kwawo.

Zovutitsa m'nyumba za ku Perth kawirikawiri ndi zamitundu itatu. Ziwiri ndi zikuluzikulu: American cockroach, yofiira moderako, yotalika masentimita pafupifupi 4, ndi Australian cockroach, yocheperako pang'ono, yokhala ndi mizere yachikasu m'mbali mwa mapiko. Izi kwawo ndi kunja, m'ngalande, m'mipaipi ya zonyansa, pansi pa nkhuni ndi m'zinyalala za m'munda. Dzuwa la Disembala mpaka Febuluwale likafika poipa, masiku ena kupitirira madigiri 40, zimalowa m'nyumba kufuna madzi ndi mthunzi. Kuona imodzi kubafa si chifukwa chosowera tulo. Kutseka mpata wa kunsi kwa chitseko, kukonza nsefa za m'mawindo ndi kuchotsa milu ya masamba pafupi ndi khoma kumathandiza kwambiri.

Yachitatu ndiyo mwini nkhani. German cockroach ndi yaing'ono, sentimita imodzi ndi theka, yofiirira, ili ndi timizere tiwiri takuda kumbuyo kwa mutu. Imeneyi sibwera kudzacheza. Ikalowa, yakhazikika.

Mlendo amene tinamunyamula tokha

Mbiri ya kachilomboka inaululika bwino mu Meyi 2024, ndipo Perth inatengapo mbali. Theo Evans wa pa University of Western Australia ku Perth komweko, pamodzi ndi Qian Tang ndi anzawo a m'mayiko ena, anapima chibadwa cha mphemvu 281 zochokera m'mayiko 17 n'kufalitsa zimene anapeza mu magazini ya sayansi ya PNAS. Ngakhale Carl Linnaeus anaipatsa dzina la dziko la Germany mu 1767, mphemvuyi inachokera ku mtundu wina wa ku Asia, cha ku India ndi Myanmar, zaka pafupifupi 2,100 zapitazo. Inafika ku Middle East ndi amalonda ndi asilikali zaka pafupifupi 1,200 zapitazo, inakwera zombo za makampani a malonda a Adatchi ndi Angerezi, kenaka sitima zapamadzi zoyendera nthunzi ndi nyumba zofunda zokhala ndi mipopi mkati zinaithandiza kufalikira dziko lonse.

Chofunika kwa mayi amene akulimbana nayo kukhitchini n'chakuti mphemvu imeneyi sipezeka kutchire kwina kulikonse. Imakhala m'nyumba za anthu basi, ndipo imasamuka ndi katundu wa anthu: m'katoni, m'sutikesi, mkati mwa microwave, kuseri kwa firiji kumene injini imatenthetsa. M'nyumba zogundizana imadutsa m'mabowo a mipaipi ndi mawaya kuchoka kwa aneba. Uve umaithandiza kuswana, inde, koma imalowa ngakhale m'nyumba ya munthu amene amakolopa kawiri pa tsiku.

Kuswana kwake ndiko kumagonjetsa anthu. Yaikazi imayenda ndi kathumba ka mazira 30 mpaka 40 kumbuyo kwake mpaka atatsala pang'ono kuswa, motero mazirawo sakhala poyera pomwe mankhwala angawapeze. Pofunda, ana amakula n'kuyamba kubereka m'miyezi iwiri kapena itatu. Masana zimakhala zitapanikizana m'ming'alu, ndipo zimene mumaona usiku ndi gawo lochepa chabe. Mukayamba kukumana nazo dzuwa likuswa mtengo, dziwani kuti kobisala kwadzaza.

Si nkhani ya manyazi chabe. Mphemvu zimayenda m'bini kenaka pa mbale, ndipo zingathe kunyamula majeremusi otsegula m'mimba monga Salmonella. Ndowe zake ndi makungu amene zimafundula zimasanduka fumbi loyambitsa mphumu. Kafukufuku wa mu 1997 mu New England Journal of Medicine, pa ana a m'mizinda ya ku America, anaonetsa kuti ana a mphumu amene thupi lawo limadana ndi fumbi la mphemvu, n'kumakhalanso m'nyumba zodzaza nalo, ankagonekedwa m'chipatala kawirikawiri kuposa anzawo.

Chifukwa chake chitini chimalephera

Mankhwala opopera amapha mphemvu imene aigwera. Zotsalazo zimamva fungo n'kuthawira mkati mwa khoma kapena kuchipinda china, vuto n'kufalikira. Kuwonjezera apo, mphemvu za mtundu umenewu zinazolowera mankhwala ambiri a m'zitini. Mu 2019, gulu la Michael Scharf pa Purdue University linapeza kuti mphemvu zopulumuka ku mankhwala amodzi zimatha kubereka ana opirira ngakhale mankhwala ena amene sanakumanepo nawo. Chaka chomwecho, Zachary DeVries ndi anzake pa North Carolina State University anayesa zitini zofukiza nyumba yonse, zija amati mabomba, ndipo anapeza kuti mphemvu sizinachepe, koma mankhwala anatsalira pa matebulo ndi pansi pomwe ana amakwawa. M'nyumba momwe anaika nyambo, mphemvu zinachepa kwambiri.

Pali chizolowezi china cha kwathu choyenera kuchisiya pa bwalo la ndege: mankhwala a m'timapepala topanda dzina ogula pamsika, kapena a kumunda ndi osungira chimanga kuwathira m'chipinda chogona. Mu Okutobala 2024, ana 6 a ku Naledi ku Soweto anamwalira, ndipo boma la South Africa linatsimikiza kuti chinawapha ndi terbufos, mankhwala a ulimi amene amagulitsidwa mozemba ophera tizilombo m'nyumba. Ku Australia mankhwala ovomerezeka amalembetsedwa ku bungwe la APVMA, ndipo malangizo a pa chikuto ayenera kutsatidwa monga alembedwera. Mwana akalawa mankhwala alionse, nambala ya Poisons Information Centre ndi 13 11 26, usana ndi usiku.

Njala, ludzu ndi nyambo

Ntchito yeniyeni imayamba ndi tochi. Kokani firiji, yang'anani pa injini ndi pa kambale kamene madzi amadonthera. Pendani mphira wa chitseko chake, mahinjesi a makabati, kunsi kwa sinki, kuseri kwa chitofu ndi pansi pa ketulo. Timadontho takuda pa ngodya ndi ndowe, ndipo pamene tachuluka mpamene pali mudzi wawo. Misampha ya ulimbo ikagona usiku umodzi kapena uwiri m'malo amenewa imakuuzani komwe zachuluka. Zimene mwazipeza zikokeni ndi vacuum, thumba lake mulimange n'kukataya m'bini ya panja.

Kenaka zimaneni chakudya ndi madzi. Mphika wa nsima wonyikidwa m'sinki kuti mudzatsuke mawa ndi phwando la usiku wonse: chakudya ndi madzi pamodzi. Ufa, mpunga, shuga ndi usipa wouma zikhale m'zigubu zotseka bwino, osati m'mapepala opinda pakamwa. Pukutani sinki musanagone, konzetsani mpopi wodontha, tsekani bini, tayani makatoni. Mphemvu imapirira njala masabata angapo, koma ludzu limaimaliza msanga, ndipo m'chilimwe chouma cha Perth madzi a kukhitchini kwanu ndiwo moyo wake.

Zikasowa chakudya, nyambo imayamba kukoma. Nyambo ya gel imabwera mu chubu chonga jakisoni, ndipo mkati mwake mumakhala chakudya chosakaniza ndi mankhwala monga fipronil, indoxacarb kapena imidacloprid. Mumaika timadontho tambirimbiri, kalikonse kosaposa njere ya mpunga, m'ming'alu ndi m'ngodya momwe ana ndi ziweto sangafikire. Imapha pang'onopang'ono mwadala: mphemvu imadya, imabwerera kobisala, imafera komweko, ndipo tiana timene timadya ndowe ndi mitembo ya zazikulu timafanso. Musapopere pafupi ndi nyambo, chifukwa mudzathamangitsa amene mwawaitanira ku chakudya.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mazira amene analipo kale amaswabe, choncho nyambo iwonjezeredwe ikatha kapena ikauma, ndipo misampha iziunikidwa kwa miyezi ingapo. Zikaoneka kuti zikuilambalala, sinthani mtundu. Asayansi a ku North Carolina anaonetsa mu 2013 kuti mphemvu zina zinasintha kalawidwe, moti shuga wa glucose wa m'nyambo zimamumva kuwawa. Pomaliza matani ming'alu ndi mabowo a mipaipi.

Kulankhula ndi ejenti

Chimene chimachedwetsa anthu ambiri ndi kukhala chete. Mu 2023 ndi 2024, nyumba za lendi zopanda anthu ku Perth zinatsika kufika pansi pa imodzi pa 100 zilizonse, ndipo mlendo amene anavutika kupeza pogona amaopa kuti akadandaula adzaoneka wauve kapena wovuta. M'nyumba yokhala ophunzira asanu, aliyense amangoloza mnzake chala cha mumtima.

Komatu lamulo la Residential Tenancies Act 1987 limati mwini nyumba apereke nyumba yaukhondo, ndipo wolowa amalandira lipoti la mmene nyumbayo ilili, limene ayenera kulibweza pasanathe masiku 7 ataonjezerapo zimene waona. Ndowe m'kabati kapena timathumba ta mazira zilembedwe pamenepo, zithunzi zijambulidwe, ejenti woyang'anira nyumbayo auzidwe pa imelo. Kawirikawiri, mphemvu zimene munazipeza kale ndi udindo wa mwini nyumba, pomwe zobwera chifukwa cha kakhalidwe ka wokhalamo zimagwera iyeyo. Ofesi ya Consumer Protection imalangiza pa mikangano yotere, ndipo kuyambira mu 2024 wa lendi angathe kukasuma kukhoti ngati mwini nyumba akumubwezera chifukwa chofunsa ufulu wake. Vuto likakula, itanani katswiri, ndipo mufunseni laisensi yake ya ku Department of Health ya Western Australia.

M'nyumba zogundizana, khitchini imodzi ikayera pomwe ya aneba ili yodzaza, mphemvu zimabwerera ndi mpaipi womwewo. Ndiye pamafunika kugogoda pa khomo la aneba, kudziwitsa oyang'anira nyumbazo, ndi kupangana kuti nyambo iikidwe m'makhitchini onse sabata imodzi.