Ukalamba Watipeza M'komboni

Ukalamba sugogoda pachitseko. Ambiri a ife tinaumva koyamba pakamwa pa munthu wina. Tinali kukwera minibasi pa Kulima Tower madzulo, anthu ali pikitipikiti, ndipo kondakitala anafuula kuti, "Sunthani pang'ono, ambuya akhale!" Tinacheuka kuti tione nkhalamba imene anali kuinenayo, koma kumbuyo kwathu kunalibe munthu. Maso onse anali pa ife. Tinakhala pampandopo ndi kuthokoza, koma njira yonse mpaka kunyumba mtima unali kufunsa kuti: kodi zimenezi zayamba liti?

Kuyambira tsiku limenelo zizindikiro zinayamba kuonekera ponseponse. Buku la nyimbo tiyenera kuligwirira patali kuti malemba aoneke. Pa Misa kugwada tikugwada ndithu, koma podzuka dzanja likufunafuna benchi. Pofuna kuitana mdzukulu mmodzi, tikuyamba tatchula maina a anzake atatu. Chachikulu pa zonsezi tinachiona pamaliro. Kale tinkakhala panja ndi anzathu kuyembekeza kuti akuluakulu atiuze zochita. Tsopano atitengera mpando, atiika kutsogolo, ndipo pakabuka nkhani yovuta anthu onse ayang'ana ife. Aja tinkawafunsa agona ku Chingwere ndi ku Leopards Hill. Akuluakulu aja lero ndife.

Sitinabwere kudzakalamba kuno

Chimene chikutidzidzimutsa si imvi zokha ayi, koma malo amene imvizo zatipeza. Pa nthawi ya atsamunda, Lusaka, amene anakhala likulu la dziko mu 1935, sanali malo okalambirako munthu wakuda. Munthu ankabwera ndi chitupa kudzagwira ntchito, ndipo ntchito ikatha kapena mphamvu zikachepa ankayenera kubwerera kwao. Ufulu utabwera mu 1964 zipata zinatseguka. Tinachokera ku Chipata, ku Petauke, ku Katete, ku Lundazi, ena ku Malawi, ena ku zigawo zina za dziko lino, ndi kudzamanga tinyumba tazidina ku Kanyama, ku George, ku Chawama ndi ku Kalingalinga. Amwayi anapeza nyumba za kanselo ku Matero, ena mapuloti ku Mtendere.

Tonsefe tinali ndi mawu amodzi pakamwa: "Ndikangopeza pang'ono, ndibwerera kumudzi." Komboni tinaiyesa msasa wa paulendo. Lamulo la mu 1974 litalola kuti makomboni ena azindikiridwe ndi boma, anthu anayamba kulandira zikalata zowalola kukhala pamalo awo kwa zaka 30. Zaka 30 zinkamveka ngati nthawi yosatha. Lero amene analandira zikalatazo poyamba aona zakazo zikutha iwo ali pakhonde lomwelo.

Nanga zakazo zinapita kuti? Zinapita m'madzi osefukira a ku Kanyama mu 1978, m'mizere ya ufa, sopo ndi saladi, m'zipolowe za mtengo wa ufa mu June 1990. Zinapita m'zaka za m'ma 1990 pamene makampani ambiri a boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa, ndipo abambo a mabanja anabwerera kunyumba masana ndi kalata m'thumba. Mu 1996 boma linayamba kugulitsa nyumba za kanselo kwa amene anali kukhalamo, ndipo ena a ife tinakhala eni nyumba, mizu ndi kuzamirako. Koposa zonse, zakazo zinapita m'matenda a Edzi. Mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2005, makolo ambiri anaika m'manda ana awo omwe anayembekeza kuti adzawaika iwo. Ngakhale a Kenneth Kaunda, ali Pulezidenti, anaulula poyera mu 1987 kuti mwana wao anafa ndi matendawa. Agogo anabwerera ku ntchito ya kuchapa matewera ndi kufunafuna ndalama za yunifomu. Munthu amene ali ndi ana amasiye asanu pakhomo alibe nthawi yodziyang'ana pagalasi. Ndi chifukwa chake ukalamba watifikira ngati mlendo wa usiku.

Ena anapitadi kumudzi atapuma ntchito, ndipo ena mwa iwo akukhala bwino. Koma angapo anabwerera. Anakapeza munda uli m'manja mwa adzukulu a achimwene, anzawo a paubwana atatha, chipatala chili kutali, ndipo msana umene unazolowera ntchito za m'tauni unakana khasu. Ife ndife m'gulu la mibadwo yoyamba kukalambira m'komboni. Makolo athu anatisiyira chitsanzo cha kukalamba pabwalo la mudzi, pafupi ndi nkhokwe ndi khola. Chitsanzo cha kukalamba panyumba yoyandikana ndi bala ndi mpopi wolipira madzi sanatisiyire. Tiyenera kuchipanga tokha.

Misampha itatu ya mumtima

Msampha woyamba ndi kukana. Munthu akuona kuti mphamvu zachepa koma safuna kutula katundu. Alipo apampando a mphakati amene akhala paudindo kwa zaka 20, ndipo chisankho chikayandikira amadwala mutu. Alipo oyimbitsa kwaya amene mawu anawathera kale, koma wachinyamata akayambitsa nyimbo amamuyang'ana ndi diso lofiira. Timati tikuteteza Eklezia, pamene tikuteteza mantha athu akuti tikasiya udindo anthu adzatiiwala.

Pa nkhani imeneyi Lusaka ali ndi chitsanzo chake. Ambuye Adam Kozłowiecki, Mjezuiti wa ku Poland amene anapulumuka m'ndende za Auschwitz ndi Dachau, anafika m'dziko lino mu 1946 ndipo anakhala Arkiepiskopi woyamba wa Lusaka mu 1959. Mu 1969, ali ndi zaka 58 zokha, anatula pansi udindowo kuti mwana wa dziko lino atsogolere. Sanabwerere ku Ulaya, sanakhalenso pambali kumadandaula. Anapita kukatumikira ngati wansembe wamba m'mamishoni a kumidzi kwa zaka zambirimbiri. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anawasankha kukhala Kadinala mu 1998, ndipo anamwalira mu 2007 ali ndi zaka 96. Zaka zimene anatumikira atasiya mpando zinaposa kutalitali zimene anakhala pampandopo. Nayenso Papa Benedikito wa 16 anatula udindo mu 2013, ali ndi zaka 85, atanena poyera kuti mphamvu zake sizinali kukwaniranso ntchitoyo. Ngati Papa angathe kunena kuti "ndatopa", kodi msungichuma wa mphakati angalephere bwanji?

Msampha wachiwiri ndi kukhala m'dzulo. Nkhani zathu zonse ziyamba ndi mawu akuti "m'nthawi yathu". Inde, tikukumbuka pamene ngwee inkagula kanthu, tinaona kwacha ikubwera mu 1968 ndipo tinaionanso ikuchotsedwa maziro atatu mu 2013. Kukumbuka nkwabwino, ndipo ana ayenera kumva zimenezi. Koma kukumbuka kukasanduka chikwapu chokwapulira achinyamata tsiku ndi tsiku, iwo amayamba kutizemba. Pamenepo timadandaula kuti ana a lero sacheza ndi akulu, osaona kuti tawathamangitsa ndife. Paja amati tsabola wakale sawawa: malangizo obwerezabwereza amatha mphamvu. Dzana lija linali ndi zoipa zake zimene mtima wasankha kuiwala, ndipo lero lili ndi zabwino zake. Mdzukulu amene akutiphunzitsa kulandira ndalama pafoni akutichitira chimene ife tinachitira makolo athu powawerengera makalata.

Msampha wachitatu ndi woopsa kuposa inayi: kudziona ngati chinthu chotha ntchito. M'tauni munthu amayesedwa ndi zimene walowa nazo pakhomo madzulo. Kumudzi gogo ankakhala ndi kadimba kake, nkhuku zake ndi mawu ake pabwalo. Kuno chilichonse nchogula, ndipo amene sabweretsa ndalama amayamba kudya mwamanyazi ngakhale m'nyumba imene anamanga yekha. Tamvapo okalamba akunena kuti, "Ine ndikungodikira tsiku." Mawu amenewa asamatuluke pakamwa pa Mkhristu. Ulemu wathu sunachokere kwa amene anatilemba ntchito, kotero sungathe chifukwa ntchitoyo yatha. Unachokera kwa Mulungu amene anatilenga, ndipo ubatizo supuma pa ntchito.

Kukonza m'nyumba dzuwa lisanalowe

Kuvomera ukalamba si kupinda manja. Pali ntchito zimene palibe wina angatichitire.

Yoyamba ndi ya thupi. Matenda a kuthamanga kwa magazi ndi a shuga amakula mwakachetechete. Kupita kukapimitsa ku chipatala cha ku Matero, ku Kanyama kapena ku Chawama tisanagwe si mantha ayi, koma nzeru. Ndipo mankhwala a BP samwedwa tsiku lokhalo limene mutu wawawa.

Yachiwiri ndi ya nyumba. Tonse taonapo abale akumenyanirana nyumba ya zipinda zitatu maluwa a pamanda asanafote. Kuyambira mu 1989 dziko lino lili ndi malamulo oteteza amasiye ndi ana pa nkhani ya chuma cha womwalira, koma lamulo silingaletse chidani pakati pa abale. Kulemba wilo pamaso pa mboni, kusunga bwino zikalata za nyumba, ndi kuitana ana tikali ndi nzeru zathu zonse kuti amve zofuna zathu, si kuitana imfa. Ndi mphatso yomaliza ya mtendere. Tiwauzenso poyera kumene tifuna kukagona, kuno kapena kumudzi, kuti asadzalowe m'ngongole ponyamula maliro kudutsa mlatho wa Luangwa chifukwa chongoganizira.

Yachitatu ndi ya m'thumba. Bungwe la NAPSA linayamba ntchito mu 2000 m'malo mwa Provident Fund yakale, koma ambiri m'makomboni mwathu anakalambira pamsika, pa ntchito za m'nyumba za anthu ndi pa maganyu, kopanda penshoni iliyonse. Thandizo la boma la Social Cash Transfer, limene linayambira ku Kalomo mu 2003, limafikirako mabanja ena okhala ndi okalamba. Kufunsa za thandizoli si chinthu cha manyazi, ndipo atsogoleri a miphakati angathe kuperekeza okalamba amene sadziwa poyambira.

Yachinayi ndi ya mtima. Alipo mbale amene sitinalankhulane naye chiyambire mlandu wa mu 1985, ndipo mwina tonse awiri taiwala kuti unayamba bwanji. Nthawi yopita kukagogoda pakhomo pake ndi ino, miyendo ikali kuyenda. Tisaopenso sakramenti la Kudzoza Odwala. Ambiri tinakula tikuliyesa chizindikiro chakuti bokosi likhomedwe, koma Eklezia imaphunzitsa kuti munthu amene wafooka ndi ukalamba angathe kulilandira ngakhale sali pafupi kufa, kuti apeze mphamvu ndi mtendere.

Mawu kwa ana ndi adzukulu athu

Kalembera wa mu 2010 anaonetsa kuti pa anthu 100 alionse m'Zambia, a zaka 65 kapena kuposerapo anali pafupifupi atatu okha. Okalamba ndi ochepa, nchifukwa chake nkosavuta kuwaiwala, ndiponso nkosavuta kuwaloza chala. Gogo akayamba kusokoneza maina, kulankhula yekha, kapena kupezeka m'mamawa atasokera pakhomo pa eni ake, anthu amathamangira kunena kuti ndi mfiti yagwa paulendo wa usiku. Nthawi zambiri amenewa ndi matenda a ubongo obwera ndi ukalamba, amene madokotala amawatcha dementia. Munthu wotere afunika kumgwira dzanja ndi kumperekeza kwao, osati kumponya miyala. Lamulo la dziko limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo lamulo lachinayi la Mulungu silinena kuti tilemekeze makolo pokhapokha nzeru zawo zikali zolongosoka. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Mu 2021 Papa Fransisko anakhazikitsa tsiku la agogo ndi okalamba, Lamulungu lachinayi la mwezi wa July, pafupi ndi chikondwerero cha Yoakimu ndi Anna Oyera pa 26 July. Nkwabwino kuwagulira chitenje ndi shuga pa tsikulo. Koma mphakati umene uli wamoyo umadziwa maina a okalamba onse amene sangathenso kufika kutchalitchi, makamaka m'nyengo ya mvula pamene njira za m'komboni zasanduka zithaphwi, ndipo umaonetsetsa kuti Ukaristia ukuwafika kunyumba. Mukawachezera, musangowapatsa. Afunseninso. Alipo amene akudziwa kumene tchalitchi choyamba cha udzu chinaima, amene anaumba zidina za parishi yanu ndi manja awo. Mukachedwa, mbiri imeneyi ipita nawo.

Mpando uja tiulandire

Mu 1999, chaka chimene bungwe la United Nations linachipatulira okalamba, Papa Yohane Paulo Wachiwiri anawalembera kalata ali ndi zaka 79, ndipo analemba ngati mmodzi wa iwo. Amene tinamuona ali wamphamvu pamene anabwera kuno mu May 1989 tinamuonanso pa wailesi ya kanema zaka zake zomaliza, manja akunjenjemera, mawu akuvuta kutuluka. Sanabisale. Anatiphunzitsa kuti kufooka si chinthu chochititsa manyazi.

Mu Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka, pamene Yesu wakhanda anaperekedwa m'Nyumba ya Mulungu, amene anamuzindikira anali Simeoni ndi Anna, mayi wamasiye wokalamba kwambiri. Anthu othamanga ndi zochita zawo anangoona banja losauka ndi mwana. Amene anaphunzira kudikira ndiwo anaona Mpulumutsi. Maso akayamba kulephera kulowetsa ulusi m'singano, mwina ndi pamene ayamba kuona zina zimene kale anali kuzidumpha.

Anzathu ambiri amene tinakwera nawo basi kuchokera kum'mawa sanafike pa msinkhu uno. Ana athu ena sanaone ngakhale imvi imodzi pamutu pao. Ife taziona, osati chifukwa cha kuchenjera kwathu. Tsono mawa kondakitala akafuulanso kuti ambuya akhale, tisacheukenso kufunafuna wina. Tikhale pampandopo, timuthokoze mnyamatayo, ndipo chamumtima timupempherere kuti nayenso Mulungu adzamufikitse pa tsiku limene wina adzamusunthira malo.