NAMWINO AKALEMBA, ANA A M'MINDA YA FODYA AMAPINDULA

Miyezi ya February ndi March ikafika, zigwa za Kasungu zimabiriwira ndi fodya. Kuchokera ku Santhe mpaka ku Nkhamenya anthu amalawirira kumunda kukathyola masamba mame asanakamuke. M'nyengo yomweyi aphunzitsi amaona kuti ana ena akujomba, ndipo ena amafika m'kalasi atafooka, mutu ukuwapweteka, akumva chizungulire ndi nseru, mwinanso kusanza kumene.

Makolo ambiri akaona zotere amati ndi malungo, pakuti nyengo yamvula ndiyonso nyengo ya udzudzu. Nthawi zina amakhaladi malungo. Koma pali mwana wina amene magazi ake akayezedwa sapezeka ndi tizilombo ta malungo, ndipo pakapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu amachira. Akabwerera kumunda, matenda aja amayambanso. Mwana wotereyu angakhale akudwala matenda a fodya wamuwisi. Masamba onyowa ndi mame kapena mvula amatulutsa chikonga, chimene chimalowa m'thupi kudzera pakhungu, ngakhale munthuyo sanasutepo fodya chibadwire.

Matendawa adziwika chifukwa anthu ena adalemba zimene adaona. M'chaka cha 1970 madokotala a ku Florida, m'dziko la America, adasindikiza nkhani yofotokoza za antchito a m'minda ya fodya amene ankadwala motere. Kuno kwathu, m'chaka cha 2009, bungwe la Plan lidafalitsa zimene lidapeza litacheza ndi ana 44 ogwira ntchito m'minda ya fodya m'maboma a Kasungu, Lilongwe ndi Mzimba. Lipotilo lidati ana oposa 78,000 ankagwira ntchito yotere m'dziko muno, ndiponso kuti patsiku lachinyezi mwana angathe kulandira chikonga chofanana ndi cha ndudu 50. Anawo adali akudwala kalekale, koma dziko lidatchera khutu pamene mavuto awo adalembedwa.

Apa ndipo pagona udindo wa namwino amene amayendera sukulu. Sukulu zambiri zapulayimale m'midzi zilibe namwino wakewake. Ntchitoyi imagwiridwa ndi anamwino a pachipatala chapafupi pamodzi ndi alangizi a zaumoyo, amene amapita kukapereka katemera ndi mankhwala a njoka zam'mimba ndi likodzo. Iwowa amaona ana ambirimbiri pakamodzi, motero amatha kuzindikira chinthu chimene kholo la mwana mmodzi silingachione: kuti ana odwala mofananawo amachokera mbali imodzi, kapena kuti onse adathyola fodya dzulo lake. Koma nzeru imeneyi ikangokhala m'mutu mwa namwinoyo, imapita naye tsiku limene wasamutsidwa.

Mbiri ya unamwino wa m'sukulu ikuchitira umboni. M'mwezi wa October 1902, mayi Lina Rogers adayamba kuyendera sukulu zinayi mumzinda wa New York. Masiku amenewo ana opezeka ndi mphere, zipere, nsabwe kapena maso ankangobwezedwa kunyumba osalandira chithandizo. Mayiyu ankawathandiza pasukulu pompo, nkumayenderanso makolo awo, ndipo ankalemba mosamala zonse zimene wachita. Akuluakulu a mzindawo ataona kuti ana ambiri abwerera m'kalasi, adalemba ntchito anamwino ena. M'chaka cha 1917 iye adasindikiza buku lotchedwa The School Nurse, ndipo anamwino a kutali amene sadakumane naye adaphunzira kwa iye.

Nkhani yoti isindikizidwe simayambira pa mawu okoma ayi, imayambira m'kaundula. Namwino amalemba tsiku, zaka za mwana, zizindikiro zake, zotsatira za kuyeza magazi, ntchito imene mwanayo adagwira asanadwale, ndi masiku amene adajomba kusukulu. Nyengo yokolola ikatha amawerengera zonse, nafunsa funso limodzi lokha: kodi mwa ana amene adadwala opanda malungo, ndi angati adakhudza fodya wonyowa? Kenaka amalemba mwachidule chimene chidamdetsa nkhawa, m'mene adafufuzira, zimene adapeza ndi zimene akuganiza kuti zichitike. Zimene sadazione ndi maso ake sazilemba ngati zoona.

Nkhaniyo ikatumizidwa ku magazini ya akatswiri, monga Malawi Medical Journal imene imakonzedwa ku Blantyre, mkonzi amaipereka kwa akatswiri ena kuti aiunike. Kawirikawiri imabwezedwa kuti ikonzedwenso. Zimenezi si zochititsa manyazi, chifukwa mutu umodzi susenza denga.

Makolo ena amaopa kuyankha mafunso a namwino poganiza kuti aneneredwa kuboma kapena kwa mwini esiteti. Nzoona kuti lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Koma namwino amafunsa pofuna kuchiza. Malamulo a kafukufuku salola kuti dzina la mwana lisindikizidwe, ndipo kafukufuku wokhudza ana amafunika chilolezo cha makolo ndi cha komiti yoona za kafukufuku wa zaumoyo. Kholo lili ndi ufulu wokana, ndipo mwana wake adzathandizidwabe monga mwa masiku onse.

Tsono mwana akadwala m'nyengo yothyola fodya, avulidwe zovala zonyowa, asambitsidwe ndi sopo, apatsidwe madzi akumwa ambiri, ndipo apite msanga kuchipatala kukayezedwa, pakuti malungo amapha akachedwetsedwa. Kumeneko kholo linene mosabisa ngati mwanayo adali kumunda wa fodya. Akuluakulu othyola fodya adikire kuti masamba aume, ndipo avale zotchinga mikono ndi manja. Ana malo awo ndi m'kalasi. Yankho loona la kholo limodzi, likalembedwa bwino, lingateteze ana a m'midzi imene namwinoyo sadzafikako.